Tulo takana pambuyo pa ma night: nkhani yafika pa mbewa za Takahashi

NyaGondwe (03:14): Amene muli maso ndithandizeni. Ndamaliza ma night asanu Lamlungu m'mawa, lero ndi Lachitatu, koma tulo sitikubwerera m'malo mwake. Ndikagona 9 koloko, ikamati 2 koloko maso gwa, ngati wina wagogoda pa zenera. Masana ndikuwodzera chiimirire pa mzere wa kuchigayo. Mankhwala ogonetsa musandiuze, ndimagawa ndekha ku wodi, ndikuwadziwa.

Phiri Mlonda (03:21): Takulandirani kwathu asisi. Ine chino ndi chaka chachisanu ndi chiwiri ndikulondera mashopu m'tauni muno. Tsiku lopuma ndimangosinza ngati nkhuku ya chitopa. Koma chomwe chimandidabwitsa ndi 4 koloko ya m'mawa. Kuzizira kwa June kuno ku Mzuzu tonse tikukudziwa, koma nthawi imeneyo ngakhale uvale majuzi atatu, mphepo imachokera m'kati mwa mafupa.

Aphunzitsi Banda (05:40): Mwadzuka bwanji nonse. A Phiri, zomwe mukumvazo si chifunga cha ku Kaning'ina chokha ayi. Kutentha kwa m'kati mwa thupi la munthu kumatsika kwambiri m'bandakucha, kaya munthuyo wagona kaya ali maso. Thupi lili ndi wotchi yakeyake. Mu ubongo, pamwamba pomwe mitsempha ya maso awiri imapingasana, pali kagulu ka maselo pafupifupi 20,000 kotchedwa SCN. Kameneko ndiye kapitawo wa nthawi. Mu 1972 ofufuza a ku America ataononga kamaloka mu makoswe, makoswewo anayamba kumwa madzi ndi kuthamanga nthawi ina iliyonse, usiku ndi usana osasiyanitsa. Mayi Gondwe, ndandanda ya ntchito yanu imasintha tsiku limodzi, koma wotchi imeneyi imasuntha pang'onopang'ono, mwina ola limodzi pa tsiku. Mukamaliza ma night asanu imakhala ili pakati panjira, siili ya usiku siili ya masana.

Madala a ku Chiputula (06:02): Aphunzitsi mwayamba. Wotchi m'mutu? Makolo athu ankadzuka ndi tambala, osati SCN.

Chisomo wa ku Luwinga (06:15): Agogo, nanga tambalayo amadzutsidwa ndi ndani? Nayenso ali ndi yake. Ine nkhani imeneyi yandigwira chifukwa semesita yathayi ndinalemba za munthu wina dzina lake Joseph Takahashi, yemwe moyo wake wonse wa ntchito wathera pa funso lomwe a Gondwe afunsali. Ngati gulu likulola ndifotokoze.

Admin Tiyamike (06:17): Fotokozani, bola musatitumizire ma PDF, bandulo yadula.

Chisomo wa ku Luwinga (06:31): Takahashi anabadwira ku Tokyo mu 1951 koma ndi wa ku America. Digiri yake ya udokotala wa kafukufuku anaitenga mu 1981 ku University of Oregon pansi pa mphunzitsi wotchuka pa nkhani za wotchi ya m'thupi, Michael Menaker. Kenako anakakhala zaka 26 ku Northwestern University, kufupi ndi Chicago. Poyamba ankafufuza mbalame, makamaka kachiwalo ka mu ubongo wa anapiye komwe kamatulutsa melatonin usiku, homoni youza thupi kuti kwada. Koma iye ankafuna kudziwa gwero lenileni: wotchiyi ili ndi magiya anji? Nthawi imeneyo anthu ankadziwa kale jini imodzi ya wotchi mu tintchentche tomwe timazungulira nthochi zakupsa. Mu nyama zoyamwitsa, ngati ife, panalibe amene anali atagwirapo jini ngakhale imodzi.

Madala a ku Chiputula (06:34): Majini omwe mukunenawa ndi omwe aja timatulutsa ku mapemphero?

Aphunzitsi Banda (06:36): Ayi madala, awa ngakhale abusa ali nawo. Ndi malangizo a chibadwa olembedwa mu DNA, omwe amachititsa kuti mdzukulu wanu atenge mphuno yanu.

Chisomo wa ku Luwinga (06:52): Ndiye chomwe anachita chinali ngati juga. Iye ndi gulu lake ankapatsa mbewa zazimuna mankhwala osokoneza majini mwachisawawa, kenako ana a mbewazo aliyense ankamuika m'kachipinda kake komwe muli kagudumu kothamangapo, mu mdima wa ndiwe yani, kwa masabata. Kompyuta inkalemba nthawi yomwe mbewa yayamba kuthamanga. Mbewa yabwinobwino ikakhala mu mdima osaona dzuwa, tsiku lake limakhala lochepera pang'ono maola 24. Anthu ambiri ankati akutaya nthawi, kuti khalidwe la nyama yoyamwitsa silingadalire jini imodzi. Koma pa mbewa pafupifupi 300 zoyambirira anapeza imodzi yomwe tsiku lake linali la maola pafupifupi 25. Anaibereketsa. Zidzukulu zomwe zinatenga vutoli kwa bambo ndi mayi omwe, tsiku lawo linafika maola 27 mpaka 28, ndipo zikakhalitsa mu mdima wotchi inkabalalikiratu. Izi anazifalitsa mu 1994, ndipo dzina loyamba pa pepalalo ndi la mayi wina, Martha Vitaterna, amene ankayang'anira mbewazo tsiku ndi tsiku. Jiniyo anaitcha Clock. Chilembo chomaliza cha dzinalo chikuimira mawu akuti kaput, kutanthauza kuti zaonongeka. Asayansi nawonso amaseka.

Kupeza mbewa kunali kuyamba chabe. Kuloza malo enieni a jiniyo mu DNA kunawatengera zaka zina zitatu, mpaka 1997. Kumbukirani kuti nthawi imeneyo mndandanda wonse wa majini a mbewa unali usanalembedwe. Zinali ngati kufuna nyumba imodzi ku Mchengautuwa usiku magetsi atazima, wopanda nambala ya puloti, wopanda womufunsa.

Wongani Driver (07:05): Mbewa ya maola 25 imeneyo inachita mwayi kubadwira ku Chicago. Ikanabadwira kwawo kwa a Phiri ku Dedza bwenzi ili pa mpani, sayansi itathera m'mbale.

Phiri Mlonda (07:09): Achimwene musayambe. Inu a kumpoto mumanyoza mbewa masana, usiku mukadutsa pa Linthipe mumaimitsa basi.

NyaGondwe (07:30): Ndaseka mpaka mwana wadzuka. Koma Chisomo, wotchiyo imayenda bwanji? Palibe batire, palibe muvi.

Aphunzitsi Banda (07:48): Ili ndilo gawo lomwe ine ndimalikonda, ndipo ana a Fomu 4 ndimawafotokozera ndi thanki ya madzi yokhala ndi kampira kotseka kokha. Puloteni ya CLOCK, yopangidwa ndi jini ya Clock ija, imagwirana ndi inzake yotchedwa BMAL1, ziwirizi n'kutsegula majini ena, Period ndi Cryptochrome. Majini amenewa amapanga mapuloteni awo, omwe amaunjikana pang'onopang'ono mu selo. Akachuluka amalowa pakatikati pa selo n'kukatseka CLOCK ndi BMAL1 omwe anawatsegula aja. Kenako iwo amaphwanyidwa, amatha, chitseko chimatsegukanso, ntchito n'kuyambiranso. Kuzungulira konseko kumatenga maola pafupifupi 24. Mwana kuletsa kholo lake lomwe, mpaka mwanayo atatopa. Ndipo chodabwitsa, zimenezi sizichitika mu ubongo mokha. Chiwindi chili ndi wotchi, impso, khungu, mtima. Mu 1998 gulu la Ueli Schibler ku Geneva linaonetsa kuti ngakhale maselo osungidwa m'mbale ya mu labotale amasunga nthawi. SCN imatsatira kuwala kolowa m'maso, pomwe chiwindi chimatsatira kwambiri nthawi yomwe mwadya. Ndiye mayi, mukadya nsima 1 koloko usiku ku wodi, m'mawa n'kutuluka pa dzuwa lowala kupita kunyumba, ubongo ukumva kuti kwacha, chiwindi chikumva zina, inu mukufuna kugona. Nyumba imodzi, mawotchi atatu, iliyonse nthawi yake.

Madala a ku Chiputula (08:20): Chabwino, ndamva. Koma ndifunse. Mdzukulu wanga wandiwerengera pa foni kuti mphoto ya Nobel pa nkhani ya wotchi imeneyi inapita kwa anthu ena atatu mu 2017. Dzina la Takahashi wanuyu palibe. Ngati anali katswiri chotero, bwanji anamudumpha? Kapena mukutikometsera chifukwa munalemba za iye?

Chisomo wa ku Luwinga (08:41): Funso labwino agogo, ndipo mdzukulu wanu sananame. Analandira ndi Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young. Awiri oyambawo anali ku Brandeis University, Young ku Rockefeller University ku New York. Iwo ndi amene mu 1984 anapatula jini ya period mu tintchentche tija, ndipo pambuyo pake anafotokoza za kuzungulira komwe aphunzitsi anena. Anayenera, sindikutsutsa. Koma lamulo la Nobel ndi lakuti mphoto imodzi sipitirira anthu atatu, komanso sapatsa womwalira. Amene anayambitsa zonsezi ndi Ronald Konopka ndi mphunzitsi wake Seymour Benzer ku yunivesite ya Caltech ku America. Mu 1971 anapeza tintchentche ta tsiku la maola 19, tina ta maola 28, tina topanda nthawi n'komwe, ndipo vuto lonse linali pa jini imodzi. Benzer anamwalira mu 2007, Konopka mu 2015, zaka ziwiri zokha mphoto isanafike. Konopka yemweyo anamukaniza ntchito yokhazikika ku Caltech ndipo mapeto ake anasiya kafukufuku. Ndiye mukati tiyeze munthu ndi mendulo, Konopka mumuika pati?

Aphunzitsi Banda (08:50): Apa Chisomo ndikugwirizana nawe, koma usamukweze Takahashi ngati anali yekha ku mbali ya nyama zoyamwitsa. Menaker yemwe wamutchula uja, ndi wophunzira wake Martin Ralph, anapeza kanyama kotchedwa hamster komwe tsiku lake linali lalifupi, maola 20 pa tomwe tinatengera vutoli kwa bambo ndi mayi omwe. Mu 1990 anachotsa SCN ya kanyama kotereka n'kuiika mu kabwinobwino komwe SCN yake anali ataiononga, ndipo kolandirako kanayamba kukhala moyo wa maola 20. Umboni woposa pamenepo kuti wotchi yaikulu ili pamalo paja ine sindinauone.

Chisomo wa ku Luwinga (08:58): Zoona aphunzitsi. Ndipo mukudziwa amene anapeza jini yomwe inaonongeka mu hamster ameneyo? Labotale ya Takahashi, mu 2000. Wophunzira kumaliza munda womwe mphunzitsi wake anatsegula. Kwa ine kukula kwa wofufuza kumaoneka pamenepo: ndi angati akulima ndi khasu lomwe iye anasula. Mbewa za Clock zija zinagwiritsidwa ntchito ndi magulu ambirimbiri. Mu 2005 anzake a ku Northwestern pamodzi ndi iye anaonetsa kuti mbewazo zimadya nthawi zosayenera, zimanenepa kwambiri, mafuta ndi shuga m'magazi n'kukwera. Kuchokera pamenepo madokotala a shuga, a mtima, a khansa onse anayamba kufunsa za nthawi. Mu 2009 Takahashi anasamukira ku yunivesite ya UT Southwestern ku Dallas kukatsogolera nthambi ya sayansi ya ubongo, ndipo mu 2019 analandira mphoto ya Gruber ya sayansi ya ubongo. Sikuti anangomusiya manja lende.

Madala a ku Chiputula (09:10): Komabe zonsezi ndi za ku Dallas. Mbewa zonenepa. Ife kuno tikudwala malungo.

Wongani Driver (09:44): Madala dikirani, ndafika kumene kuchokera ku Lilongwe, ndawerenga zonse ndili pa depoti. Ine ndikufuna ndifunse china, mwina sichikugwirizana. Kwathu ndi ku Rumphi, mbali ya ku Vwaza. Malume anga ankakonda kulowa m'tchire kukafuna uchi, ndipo analumidwa ndi kashembe. Anadwala kaodzera. Anthu amaganiza kuti wodwala kaodzera amangogona osadzuka, koma ife amene tinawasamalira tinaona zina. Masana ankagona ali pakati polankhula, nthawi ina mbamu ya nsima ili m'manja. Usiku ndiye ayi, kumangoyendayenda pabwalo, kulankhula okha, kufuna kutsegula khola la mbuzi 2 koloko. Achibale ena anati alodzedwa, tinataya masabata kwa asing'anga. Atapita kuchipatala cha boma anawapeza nako kachilomboko, anachira, ngakhale mankhwala a nthawi imeneyo anali owawa zedi. Funso langa: kodi chomwe chinaonongeka mwa malume ndi wotchi yomwe mukunenayi?

Chisomo wa ku Luwinga (09:52): Achimwene a Wongani, tsitsi landiimirira. Ndi zomwezo ndendende, ndipo anafufuza ndi labotale ya Takahashi yemweyo. Mayi wina wa ku Portugal, Filipa Rijo-Ferreira, anagwira ntchito ndi iye pamodzi ndi Luisa Figueiredo wa ku Lisbon. Mu 2018 anafalitsa zoti kaodzera ndi matenda a wotchi ya m'thupi. Mbewa zomwe anazipatsa kachilombo koyambitsa kaodzera, Trypanosoma brucei, zinayamba kuthamanga nthawi yomwe zimayenera kugona, ndipo tsiku la wotchi yawo linafupika. Zikufanana ndi zomwe madokotala ankaona kale pa anthu: wodwala sikuti amagona maola ochuluka kwambiri kuposa ife, koma tulo take timaduka zidutswazidutswa n'kumwazika usana ndi usiku. Malume anu pabwalo 2 koloko, ndi zimenezo.

NyaGondwe (10:05): Izi ndiye zandikhudza. Mtundu wa kaodzera womwe tili nawo ku Rumphi ndi ku Nkhotakota ndi wa rhodesiense, wothamanga uja, umatha kupha pa miyezi yochepa. Poyamba umaoneka ngati malungo, kutentha thupi ndi mutu, ndiye wodwala amatha kumwa LA kawiri asanaganiziridwe china. Ife timafunsa kuti mukugona kwambiri? Mwina funso loyenera kwa wachibale ndi lakuti usiku akumatani. Ndikawauza anzanga.

Aphunzitsi Banda (10:11): Nanga za malungo madala afunsa zija, Chisomo, uwauze. Ine ndikudziwa mbali yakale yokha: tizilombo ta malungo timaswa maselo ofiira a magazi nthawi imodzi tonse, n'chifukwa chake kunjenjemera kumabwera mwa nthawi, kwa mtundu wa malungo wathuwu, falciparum, kuzungulira kwake ndi maola pafupifupi 48.

Chisomo wa ku Luwinga (10:24): Funso lomwe linalipo kwa zaka zambiri linali lakuti, tizilomboti timadziwa bwanji nthawi? Timangotsatira thupi la wodwala, kapena tili ndi wotchi yawoyawo? Mu 2020 Rijo-Ferreira ndi Takahashi analemba mu magazini ya Science kuti kachilombo ka malungo kali ndi wotchi yake. Anagwiritsa ntchito malungo a mbewa, omwe kuzungulira kwake ndi maola 24. Anaika mbewa mu mdima, anasokoneza nthawi ya chakudya, anagwiritsanso ntchito mbewa zomwe majini awo a wotchi anaonongedwa, koma majini a kachilomboko ankatsegukabe ndi kutsekeka mwa nthawi. Onani apa agogo: kuti ayankhe funso la malungo anafunika mbewa zopanda wotchi, ndipo mbewa zoterozo zinapezeka chifukwa cha ntchito ya m'ma 1990 ija yomwe mukuti ndi ya ku Dallas. Mankhwala atsopano sanatulukepo pa zimenezi, ndisakunamizeni. Koma amene anayamba ndi kagudumu ka mbewa mu mdima wafika pa udzudzu ndi kashembe wathu.

Madala a ku Chiputula (10:40): Hmm. Pa kaodzera pokha mwandipeza. Pa Nobel sindinasinthe maganizo, atatu aja ndiwo anapita ku Sweden.

Mayi a Favour (11:02): Ine ndangolowa, ndimagulitsa usipa pa msika waukulu. Asodzi omwe ndimagulako ku Nkhata Bay amagwira ntchito usiku wonse ndi nyali pa nyanja kuyambira ali anyamata, ndipo ena ndi nkhalamba zamphamvu kuposa inu a m'maofesi. Ndiye musatiopseze kwambiri.

Aphunzitsi Banda (11:20): Mayi muli ndi mfundo. Anthu timasiyana, ena wotchi yawo ndi yam'mawa, ena yausiku, ndipo zina ndi zobadwa nazo. Ku Utah ku America kuli banja lomwe anthu ake amagona madzulo kwambiri n'kudzuka usiku kusanache, ndipo mu 2001 anapeza kuti ndi kusintha kwa jini ya Period 2. Komanso msodzi amasankha yekha nthawi yopuma, mwezi ukawala kwambiri ambiri sapita n'komwe pa nyanja. Namwino ndi mlonda alibe mwayi umenewo. Ndipo bungwe la IARC la pansi pa WHO linaika ntchito ya usiku m'gulu la zinthu zomwe mwina zimayambitsa khansa, mu 2007 ndiponso mu 2019. Mawu akuti mwina ndi awo, si anga, kutanthauza kuti umboni pa anthu sunakwane kwenikweni. Koma si nkhani yoseka nayo.

NyaGondwe (11:35): Mwandiphunzitsa zambiri, koma tulo tanga simunandibwezere. Nditani usiku uno?

Chisomo wa ku Luwinga (11:49): Sindine dokotala asisi, inu ndinu oyandikira kuposa ine. Koma potengera zomwe zimasuntha wotchi: masiku opumawa dzukani nthawi imodzimodzi ngakhale mutagona mochedwa, mutuluke panja m'mawa kuwala kukulowe m'maso, ngakhale kuli chifunga, chifukwa kunja kumawalabe kwambiri kuposa m'nyumba. Masana mukagona, pang'ono pokha. Mukadzidzimuka 2 koloko musayatse foni kuti mulembe pa gulu lino. Chakudya chachikulu chikhale masana. Pa nkhani ya chakudyayi labotale ya Takahashi inafalitsa zina mu 2022: mbewa zomwe anazichepetsera chakudya ndi 30 peresenti koma n'kumadya nthawi ina iliyonse, moyo wawo unatalika ndi pafupifupi 10 peresenti, pomwe zomwe zinkadya chakudya chochepa chomwecho nthawi yawo yokhala maso, usiku, unatalika ndi pafupifupi 35 peresenti. Ndi mbewa, si anthu, musathamange nazo.

Phiri Mlonda (12:03): Ndiye ine amene ndimakhala maso usiku ngati mbewa, ndizidya usiku kapena masana?

Aphunzitsi Banda (12:10): A Phiri, ntchito yanu ndi ya mbewa koma chiwindi chanu ndi cha munthu. Idyani bwino musanapite ku ntchito, usiku kambatata kapena tiyi basi, ndipo khofi musamwe kukamayandikira kucha. Mukafika kunyumba phimbani zenera ndi bulangete lakuda. Kuno tili ndi mwayi umodzi: kutalika kwa usana pakati pa June ndi December kumasiyana ndi ola limodzi ndi mphindi zochepa, dzuwa lathu silisinthasintha ngati la ku Ulaya.

Phiri Mlonda (12:14): Bulangete ndili nalo limodzi lokha aphunzitsi. Ndikaphimba zenera ndifunda chiyani, June uno?

Wongani Driver (12:20): Makatoni achimwene, ku depoti kuno alipo ambiri, ndikusungirani. Chisomo, unditumizire ku inbox dzina la mayi wa ku Portugal uja molemba bwino. Malume akadali moyo, ndipo mpaka lero mbali ina ya banja imakhulupirira kuti anawalodza ndi mlamu wawo. Ndikupita kumudzi Loweruka.

NyaGondwe (02:37): Chisomo usandikalipire, ndayatsa foni. Koma lero ndadzuka 2:30, osati 2:00.

Phiri Mlonda (02:39): Mphindi 30 ndi phindu asisi. Zimitsani, gulu ndikulondera ine.